Zipsera za bambo ndi sitima ya mafuta

Bambo anabwerako ku Joni nkhondo ya Majeremani itangotha, manja onse awiri ali zipsera kuyambira kuzala mpaka m'mapewa. Chimene chinawatentha sanatiuze. Kwathu ku Ligowe koloboyi sankayatsidwa, chifukwa fungo la palafini likangowapeza ankathamangira kuseri kukasanza. Ngakhale zinyalala za kumunda, amayi ndi amene ankatentha.

Ife tinazolowera, koma anthu m'mudzi anali nalo kale yankho lawo: munthu wamkulu wopsa chonchi ndi wa khunyu basi, anagwera pamoto. Ine sindinkalabadira mpaka pamene miseche imeneyi inafika pa ukwati wanga. Mnyamata amene ankandifunsira, mmisiri wa matabwa, anali atapereka kale chikole. Ndiye amalume ake, amene anali nkhoswe, anatumiza mawu oti mwana wawo sakwatira m'banja la matenda akugwa, angadzabereke ana ogwa. Ndinapsa mtima koopsa. Bambo anga, oti ngakhale pamatope ndinali ndisanawaonepo akuterereka.

"Bambo, kodi manjawa chinachitika n'chiyani?" ndinawafunsa.

"Zakale izo," anatero, n'kupitiriza kusema mpini.

Amayi nawonso ankangodziwa zoti ndi ngozi ya pantchito. Ine pakamwa pokha ndinali napo, choncho ndinayamba kufunsa matchona amene anabwerera kumudzi, mmodzi ndi mmodzi, mpaka wina anandiuza kuti ku Luwani kuli mkulu wa khutu limodzi amene ankayenda ndi bambo. Ndinasenza dengu la mananchesi n'kutsetsereka.

Mkuluyo atamva kuti ndine mwana wa yani, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Sanakuuzeni eti? Mgodi wa ku Joni tinauthawa, tinapita kudoko ku Durban. Kumeneko tinalembedwa pa sitima ya pamadzi yonyamula mafuta a nkhondo, matanki okhaokha kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ife tinkapukuta injini kunsi. Majeremani anali ndi sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo anatiphulitsa masanasana. Mafuta anatayikira panyanja, nyanja n'kuyaka. Wotsala m'sitima anapsa, wolumpha analumphira m'moto. Bambo ako ankasambira chapansi, akafuna mpweya ankakankha motowo ndi dzanja limodzi. Akatopa ankasinthanitsa manjawo, chifukwa linalo anali atandigwira nalo ine."

Ndinangoti kukamwa yasa. Munthu amene ndinkamupititsira madzi kubafa tsiku ndi tsiku, kudutsa m'zimenezo? Njira yobwerera sindinaione.

Ankhoswe atakumana pakhonde pathu, ndinapempha kuyankhula, ngakhale kuti sikunali kwa ine kutero. Ndinagwada n'kufotokoza zonse. Amalume a mnyamata uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Madzi kuyaka? Ife madzi timazimitsira moto. Mwana iwe, bodza lina uzisankha."

Ndikanakhala ndi chikuni ndikanawagenda nacho. Koma bambo anaimirira.

"Katunge madzi m'beseni," anandiuza. Kenako anapita okha kwa anansi n'kubwera ndi botolo la palafini ndi machesi. Amayi anagwira pakamwa.

Bambo anathira palafiniyo pamadzi nkhope atayang'ana kumbali, thukuta lili kamukamu. Machesi oyamba anathyoka, achiwiri anagwa. Achitatu anayaka, anaponya m'beseni, ndipo moto unati phuu, kuvina pamwamba pa madzi amene ndinatunga ndekha pachitsime. Azimayi anabwerera m'mbuyo. Amalume aja kuseka kunathera pomwepo. Mumtima ndinati tapambana.

Ndiyeno ndinamva chinthu chikugunda pansi. Anali bambo. Anagwa chammbali, thupi lonse likunjenjemera, manja akupalasa m'mwamba ngati akukankha chinthu, akukuwa m'chiyankhulo chimene sitinkachidziwa. Zimenezo ndinali ndisanazionepo, ngakhale amayi.

"Mwadzionera nokha," anatero amalume aja, akutola ndodo yawo. Anzawo anali atafika kale kumpanda, atatseka mphuno ndi nsalu kuti matenda asawalowe. Ndinawathamangira ndikulira, ndikuwauza kuti si khunyu, ndi moto uja. Palibe amene anacheuka. Mnyamatayo anadzakwatira kwina chaka chomwecho.

Nditabwerera, amayi anali atazimitsa motowo ndi dothi ndipo atawakhazika bambo motsamira khoma. Maso a bambo ankandifunafuna. Za kugwa kuja sankakumbukira.

"Aona kuti madzi amayaka?" anandifunsa.

"Aona, bambo."

"Chabwino," anatero. "Ndiye ukwati uchitika liti?"