Chilimwe chimene ndinkathira mchere

Kachitini kadzimbiri kankakhala pamwamba pa khoma la khitchini ya agogo ku Golomoti, pansi pa denga lakuda ndi mwaye. Munkakhala mchere wamibulu, wonyowanyowa. Ndikakakumbukira mpaka lero mtima umandiwawa.

Chilimwe chimenecho ndinali mu Sitandade 2. Bambo ankaphunzitsa ku Mua, mayi anali namwino, ndipo Loweruka lililonse tinkakwera minibasi kupita kwa makolo a bambo. Agogo aamuna anali atayamba kutsokomola ndi kutupa miyendo, munda wa thonje uli wosasosa. Ndimakumbukira mchenga wootcha mapazi, nyenje zikulira mumlambe mpaka makutu kuwawa, fungo la khola la mbuzi, ndi chifuwa cha agogo chikumveka kuseri kwa chitseko cha bango.

Agogo aakazi sankawafuna mayi, ndipo sankavutika n'kubisa komwe. Ankawatchula kuti "adokotala", pakamwa atapotoza. Mayi akagwada kupereka moni, iwo ankayankha akuyang'ana nkhuku. Shuga ndi sopo amene mayi ankagula ndi thukuta lawo ankalandira ndi dzanja limodzi. Kudya ankadya ndithu, shugayo sankamukana.

Tsiku lina mayi akuphika nkhwani wotendera anatambasula dzanja kuti atenge kachitini kaja. Agogo anawagwira pamkono. Pakhonde panali azakhali, mlongo wa bambo, ndi amayi ena a m'mudzi amene anabwera kudzazonda matenda.

"Siyani. Athire mwanayu."

"Ndili bwinobwino ine, amayi," anatero mayi chapansipansi.

"Zimenezo mukudziwa ndinu ndi anzanu a ntchito ya usikuwo. Mmodzi wagona kale m'nyumbamo, mukufuna mutimalize tonse?"

Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti. Bambo anali pomwepo pansi pa mtengo wa bwemba, akukhoma khasu mumpini. Anamva zonse. Anangopitiriza kukhoma.

Panopa ndikudziwa chimene chinanenedwa pakhondepo. Kwathu amati mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, odyawo amadwala tsempho, amatsokomola ndi kutupa mpaka kufa. Mwana wamng'ono ndiye amathira, poti thupi lake ndi lozizira. Agogo anatchula mayi anga kuti ndi wachiwerewere ndiponso wakupha, anthu akumva, popanda kutukwana ngakhale liwu limodzi. Nkhanza zaukatswiri chonchi sindinazionenso kwina.

Koma ine nthawi imeneyo ndinangoona kuti ndakwezedwa. Loweruka lililonse agogo ankandiitana mokweza kuti mudzi wonse umve, n'kundipungulira mchere m'manja, ine n'kuwaza mumphika monyadira, mayi ataima pambali ndi chipande ngati mlendo. Pambuyo pake ankandipatsa malambe, ati dzanja langa ndi lodalitsika. Mayi akanena kuti odwalawo apite kuchipatala akawayeze makhololo, azakhali ankayankha kuti wotentha nyumba sauza anthu kotunga madzi, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Agogo aamuna anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Pamaliro mayi sanaloledwe kuyandikira kumene amayi ankaphika. Anawatuma kumjigo, ndipo anatunga madzi kuyambira m'mawa mpaka khosi kuuma, osadandaula. Ndikuganiza kuti ankapirira chifukwa cha chinthu chimodzi, chakuti mwamuna wawo, munthu wasukulu, woimba kwaya kutchalitchi, sangakhulupirire zimenezo. Kukhala chete kwa bambo ankakuyesa ulemu kwa makolo.

Lamlungu lotsatira tinali kwathu ku Mua, titangoweruka ku Misa. Mayi anaphika usipa wothira tomato. Bambo anasamba m'manja, anakokera mbale pafupi, kenako anaima. Sanawayang'ane mayi kumaso.

"Kodi mcherewu wathira ndani?"

Mayi anali akadali ndi jagi ya madzi m'manja. Ine ndinadumpha pampando n'kuthamangira kukhitchini, ndikufuula kuti ndikathira ineyo, ntchito imeneyo ndimaidziwa. Ndinasangalala kuti bambo nawonso azindikira luso langa. Sindinamvetse chifukwa chake mayi anatula jagi ija pansi mwakachetechete, n'kulowa kuchipinda kukatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, pamene panyumba panalibe amene ananena za ulendo.