Mbali Yakumanzere Inalira Kamodzi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha foni ya amayi anga. Mayeso a Fomu 4 anali atatuluka, osakoma, ndipo ndinkangokhala pakhomo kupeta mpunga. Tsiku lina amayi anandituma kumsika wa Karonga kukakonzetsa foni yawo yomwe inasiya kutchaja. Wokonza wake anali Che Twaibu, bambo wa ku Mangochi wovala magalasi omanga ndi waya. Kasikuluwu katawagwera pansi pa benchi, ndinakatola iwo asanawerame n'komwe. Anandiyang'ana zala n'kunena kuti, "Maso anga atha, ako alipo. Mawa ubwere, koma zikhadabo izo ukazisiye kwanu."

Mafoni sanandilole kuwakhudza msanga. Anandiika pa mahedifoni, ntchito yomwe okonza ena amainyoza. Hedifoni ikafa mbali imodzi, kawirikawiri vuto si sipika ayi, ndi waya wothyokera m'kati pafupi ndi pini. Umayatsa nyimbo n'kumapinda wayayo pang'onopang'ono mpaka mawu abwere n'kuthawanso, ndipo pamenepo ndiye pali bala. Umadula, kusenda ndi lezala, n'kupeza timawaya tofiira, tobiriwira ndi tamtundu wa mkuwa, topyapyala ngati ndevu za chimanga. Timawayato timakhala ndi utoto wotchinga magetsi, ndiye umatiwaula ndi machesi, kupala, kenako kudonthezapo mtovu ndi chowotcherera. Sipika umaiyesa poigunditsa ku batire la tochi. Yamoyo imati thi, yakufa imangokhala duu.

Che Twaibu ankakonda mahedifoni akale aja: kachitsulo kopyapyala kodutsa pamutu, timasipika tiwiri tovala siponji, waya, basi. Anyamata a pamsika ankawaseka kuti ndi a agogo, koma alonda, madalaivala ndi asodzi a ku Chilumba ankawafunabe. Ndi opepuka, otsika mtengo, amapindika n'kulowa m'thumba la malaya, ndipo munthu akakuitana umamva.

"Awa sadziwa kuti magetsi azima," ankatero Che Twaibu. "Akadwala amachira. Opanda waya aja akadwala, kaitane abale."

M'nyengo yotentha ija, pamene ngakhale mtovu umaoneka ngati usungunuka wokha, kunabwera mayi wina wachikulire wa ku Lupembe, a NyaGondwe. Ankadwazika amuna awo, a Sibale, kuchipatala. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mahedifoni a mtundu womwewo, koma timasipika tonse tiwiri tinali titachotsedwa pakachitsulo. Ine, nzeru za mwezi umodzi zikundiyabwa, ndinayamba kuwabwezera pamalo pake.

"Yayi, mwana wane, usalumikize," anatero. "Iyi ya kumanja ndi ya adada, iyi ya kumanzere ndi yanga. Yangayi ndiyo yafwa."

Anafotokoza kuti a Sibale, omwe ankawatchula kuti adada, anali wotsogolera kwaya kutchalitchi kwawo, ndipo nyimbo za kwayayo zinali m'kafoni kawo. Mu wodi sungayatse nyimbo mokweza, ndiye bambowo ankagona pabedi sipika imodzi ili pakhutu, mayiwo pamphasa pansi ndi inayo, waya utalendewera pakati pawo. Mbali ya mayiwo itasiya kulira, a Sibale anakana kumvera okha. Akuti anawakankhira zonse n'kunena kuti apite nazo kwa a fundi akakonze, nyimbo ya munthu mmodzi si kwaya.

Ndinayesa waya, unali bwinobwino. Ndinagunditsa sipika ku batire, duu. Che Twaibu anakhuthula katoni yonse ya zakufa koma sanapeze sipika yofanana nayo. Anati adzatuma mnzawo wina amene ankaoloka malire pa Songwe kukagula katundu. Ndinawaonetsa mayiwo atsopano opanda waya, iwo n'kufunsa kuti angamvere bwanji awiri chinthu chopanda chingwe, nanga akatchaja kuti. Tinawabwereka timahedifoni tawaya tam'makutu kuti azigwiritsa ntchito podikira. Potuluka, ndinawauza kuti ndidzawasinthiranso siponji ya kumanja, popeza inali yothetheka, yakuda ndi mafuta a m'mutu.

"Imeneyo uyileke momwe iliri," anayankha osatembenuka.

Kuyambira pamenepo ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, pobwerera kogula nthochi zophikira wodwala. Sankakalipa. Ankangoima pamthunzi wa benchi n'kufunsa, "Yafika?" Tam'makutu tija anatibweza, akuti tinkawapweteka adada n'kumagwa. Tsiku lina anati adada asiya kudya. Tsiku linanso anati akulankhula pang'ono, koma akufunsa za nyimbo. Ndinawapempha kuti atengeko kaye mahedifoniwo, bambowo azimvera mbali yamoyoyo. Anapukusa mutu, akuti anayesa kale kuwanyengerera ndipo munthuyo ndi wamakani kuyambira ali mnyamata. Mtima unkandiwawa, ndipo galimoto iliyonse yochokera ku Songwe ndinkaiyang'ana ngati yabweretsa m'bale wanga.

Sipika inafika m'mawa wa Lachisanu, ndipo m'mawa womwewo magetsi anazima. Ndinafuna kulira. Che Twaibu anapita kwa mayi wokazinga chinangwa n'kubwereka mbaula, anatulutsa chowotcherera chakale cha mutu wa mkuwa n'kuchiika pamakala.

"Manja anga akunjenjemera," anatero. "Iyi ndi yako, Tiwonge. Chikafiira chapsa, chichotse chisanafike pamenepo. Ndipo usapume pafupi ndi waya."

Chowotcherera cha pamakala chimazizira msanga, ndiye umakhala ndi kanthawi kochepa kuti mtovu ugwire. Koyamba mtovu unangobulungika n'kugwa. Kachiwiri kawaya kofiira kanaduka, ndinayambanso kusenda. Thukuta linkadonthera pabenchi, Che Twaibu akupepesera makala ndi katoni, osandiyang'ana dala kuti ndisachite mantha. Dzuwa lili pamutu ndinatseka kachivundikiro, ndinalowetsa pini m'foni yanga, ndipo mbali zonse ziwiri zinalira. Aka kanali koyamba kuti ndikonze chinthu ndekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Che Twaibu anamvera, anagwedeza mutu n'kunena kuti ndisadikire, ndithamangire nazo kuchipatala.

Ndikumanga nsapato, ndinaona mapazi a a NyaGondwe ataima pamalo awo a masiku onse. Anali atafunda chitenje kumutu, ndipo mayi wina anawagwira mkono. Sanafunse kuti yafika.

"Adada apita m'mawa uno," anatero. "Galimoto ikudikira."

Che Twaibu anavula magalasi n'kuwapatsa mpando wawo. Ine ndinangoima, mahedifoni ali m'manja, osadziwa kuti ndiwabise kapena ndiwapereke. Mayiwo anatambasula dzanja. Anatulutsa kafoni ka amuna awo, analowetsa pini, anaika sipika ya kumanzere pakhutu. Kwaya inkamveka pang'ono mpaka pomwe ndinaima, mawu a bambo mmodzi akutsogolera. Anamvera nyimbo yonse maso ali otseka, sipika ya kumanja ili pamwendo pawo ikuimbira chitenje.

"Wakonza makora, bwino ndithu, mwana wane," anatero. "Sono udule."

Sindinamvetse. Anabwereza modekha kuti ndidule mbali imodzi, koma inayo izilirabe. Imodzi ikalowa m'bokosi ndi adada. Ndinayang'ana Che Twaibu, iwo anangondikankhira lezala. Ndinagwira waya wa kumanja, wa siponji yothetheka ija, poganiza kuti mwini wake apite ndi yake.

"Yayi. Ya adada nditsala nayo ine, ikununkhira iwo. Iwo atenge yanga, yomwe anandituma kuti ndikonzetse. Akaone kuti ndinapita."

Ndinadula pamphambano pomwe waya umagawikana. Ndinasiyanitsa timawaya kuti tisakhudzane, chifukwa tikakhudzana mbali yotsalayo imasokonekera, kenako ndinakulunga ndi tepi yakuda. Ntchito yosafuna ngakhale moto, koma sindinkaona bwino, misozi inali itadzaza m'maso. Ndinayesa ya kumanja, inalira. Mayiwo anakulunga ya kumanzere m'kampango koyera, ya kumanja anaimanga pamfundo ya chitenje. Anathokoza kuti yewo, n'kupita kugalimoto.

Madzulo ake ndinauza Che Twaibu kuti tinagwira ntchito pachabe. Anandifunsa kuti, "Pachabe? Mayi aja akanakaika chakufa m'bokosi la amuna awo?" Anatenga mbaula n'kukabweza okha.

Lero ndili ndi benchi yangayanga, ndipo mafoni ndimakonza, koma mahedifoni a waya sindiwakana ngakhale ena amati n'kutaya nthawi. Siponji yakale sinditaya mwini wake asananene. Ndipo munthu akabwera n'kuti mbali imodzi yafa, ndisanagwire lezala ndimayamba ndafunsa kuti mbali inayo amamvera ndani. Ambiri amaseka n'kuti ndi iwo omwe. Ena amakhala kaye chete, ndipo ntchito ya amenewo ndimaigwira tsiku lomwelo, kaya magetsi alipo kaya palibe.