Batire Lopanda Mtovu

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinaona ababa akulephera kugwira kapu ya tiyi. Moyo wawo wonse ankaswa mabatire akufa a galimoto kuseri kwa depoti ku Limbe. Asidi ankataya m'ngalande, mtovu n'kusungunula m'chitini, n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Utsi umenewo ndiwo unandiphunzitsa mpaka digiri ya kemisitiri. Ndiye itapezeka ntchito ku labu ina ku Joni, yofufuza mabatire opanda poizoni, ndinati basi ndapita, ababa ndidzawachotsa pa utsi uja.

Batire lathu linali la zinki, chitsulo chimene amakutira malata, ndi madzi amchere m'malo mwa asidi. Mbali ina ya batirelo tinkaikako ufa wochokera ku zomera. Lotchaja, losaphulika, losawononga nthaka. Koma ufawo unkasungunuka m'madzimo ngati shuga m'phala, ndipo tikalitchaja kangapo batire linkafooka. Zaka zinayi ndili pa ufa umenewu, ine! Ndinkakhala ndekhandekha m'kachipinda kozizira, Chichewa n'kumachilankhula pa foni pokha. Kangachepe ndinkatumiza ndithu, ndipo amayi ankati ababa akupezako bwino. Ankandinamiza.

Thandizo la labu litatha, anatiuza kuti aliyense aziona msewu. Ndinatsika basi mu Blantyre ndi chikwama chimodzi, m'thumba muli kabatire konga batani la jekete.

Ababa ndinawapeza pomwe paja, ataonda zomvetsa chisoni. Zala zinali zitasiyiratu kugwira, moti chikwanje choswera mabatire anachita kuchimangirira kudzanja ndi mphira. Mtima unandipweteka kwambiri. Ndinawaika kabatire kaja pachikhatho n'kuwafotokozera zonse, zinki, madzi, ufa, ndi kuti tsiku lina palibe adzapumenso utsi wa mtovu. Anamvetsera bwinobwino, akukayang'ana monyadira, kenako anandifunsa.

"Nanga likafa, m'kati mwake mumatsala chiyani choti munthu n'kugulitsa?"

Ndinati palibe chenicheni.

Anayang'ana anzawo amene ankaswa mabatire m'mbali mwa ngalandeyo, azibambo a mabanja onsewo.

"Ndiye mwanangu, usafulumire nalo. Pano tonse timadyera mabatire akufa."

Apa ndinawauza zoona zimene ndinkachita nazo manyazi ulendo wonse, kuti asadandaule, batire lathulo silikugwirabe ntchito, ndipo sindikudziwa ngati lidzagwire.

Ababa anapumira m'mwamba, n'kuthokoza Mulungu kuti Alhamdulillah. Kenako anandipempha kuti ndiwamangitsire mphira uja, wamasuka.