Tsiku Limene Tinadikira Bandi

Atate anali ndi kamtengo koimbira ng'oma. Anakasema okha. Kumutu anakulungako chidutswa cha bulangete n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Chogwirira chinada ndi thukuta. Kankakhala pamwamba pa kabati, ndipo mwana akakakhudza ankalandira khofi. Ng'omayo inali ya kampani. Yunifolomu inali ya kampani. Nyumba imene tinkagonamo, babu la magetsi, ngakhale matewera amene ndinavala ndili khanda, zonse zinali za kampani. Kamtengoko kokha ndiye kanali ka atate.

Tinkakhala m'komboni ya mgodi ku Kitwe. Makolo anga anachokera ku Katete, ine ndinabadwira pomwepo. M'nyumba tinkalankhula Chinyanja, ukangotuluka pakhomo Chibemba. Atate ankagwira ntchito pansi pa nthaka, koma anthu ankawadziwa ndi ng'oma yaikulu ya bandi ya mgodi. Amalume, achimwene awo a amayi, ankaliza lipenga m'bandi yomweyo. Anali pa chinzawo asanakhale pa chilamu.

Loweruka masana bandi inkaimba pabwalo la holo. Komboni yonse inkakhamukira kumeneko. Majekete ofiira, mabatani onyezimira, malipenga onunkhira polishi. Azimayi ankagulitsa vitumbuwa ndi thobwa la munkoyo m'mphepete. Azibambo otuluka shifiti ankavina osavula majombo. Ife ana tinkaguba kumbuyo ndi zitini, fumbi m'mano. Ng'oma ya atate sunkaimva ndi makutu okha. Inkagunda m'mimba. Ndinkauza aliyense woima pafupi kuti awo ndi atate anga, ngakhale ankadziwa kale.

Bandi inali ndi ntchito ina. Wa mumgodi akamwalira, inkabwera pakhomo. Bokosi silinkatuluka m'nyumba ng'oma isanalire katatu. Ikalira, amuna ankanyamula, bandi patsogolo, lole pambuyo pang'onopang'ono mpaka kutchalitchi. Palibe amene analemba lamulo limeneli, koma palibenso amene ankaliswa. Atate anatulutsa anthu ambiri. Ankakonda kunena kuti munthu wa pansi satuluka m'nyumba mwake mwakachetechete ngati mbala.

Kenako kunabwera mawu atsopano, kupuluna. Aphunzitsi anatiuza kuti ndi kudulira mtengo kuti ubereke bwino. M'komboni ankatanthauza kuti bambo wako sapitanso kuntchito. Atate anali m'gulu loyamba, chifukwa chifuwa chinali chitayamba kale. Anakabweza chipewa cholimba, nyale, jekete ndi ng'oma. Ng'omayo anapatsa mnyamata wina wa ku wekishopu. Za nyumba anati tikhalemo kaye mpaka eni atsopano a mgodi atafika.

Inali nyengo yozizira. Ndinali giredi faifi. M'mawa utsi wa kosungunulira miyala, umene tinkautcha senta, unkatsika m'komboni n'kumakanda kukhosi. Masamba a m'dimba la amayi anapsa. Mpope unayamba kutulutsa mphepo m'malo mwa madzi. Kanema wa kuholo anatha, mpira unatha, koma bandi inkaimbabe. Atate sankapitako. Ankakhala pa kampando pakhomo atafunda bulangete, n'kumagunda ntchafu ndi dzanja.

"Akuthamanga mnyamatayo," ankatero. "Ng'oma si njinga."

Akatero ankatsokomola mpaka misozi.

Amalume ankabwera Lamlungu tikachoka ku Misa. Tsiku lina ndinali pansi pa zenera ndikukonza galimoto yanga ya waya. Ndinamva zonse. Anayamba ndi atate.

"Alamu, mudzanditulutsa?"

"Mukupita kuti inu? Mbewa za ku Katete simunazithe."

"Ndikufunsa. Si ndine wa kampani tsopano."

Amalume anasiya kuseka. Anati, "Atilande majekete, tidzabwera ndi malaya athu. Ng'oma ndidzasenza ndekha pamutu."

Atate anangoti, "Chabwino." Madzulo amenewo anadya bwino.

Ine ndine munthu wowotcherera zitsulo. Ndikauza munthu kuti geti lake litha Lachisanu, limatha Lachisanu, magetsi akhalepo kapena ayi. Anthu kuno ku Chifubu, ku Ndola, amati ndine wouma mtima. Mwina. Ndinaphunzira msanga kulemera kwa mawu a munthu wamkulu, ndipo ndinaphunzira moipa.

Kusukulu tinali titasiya masamu. Aphunzitsi ankatiimika pamzere padzuwa, aliyense ndi kambendera ka pepala, kutiphunzitsa kukupiza pamodzi. Eni atsopano ankabwera kudzaona komboni. Aphunzitsi anati tikamwetulira bwino, madzi abwerera m'mipope. Ankanena osatiyang'ana.

Atate anamwalira sabata yomweyo. Thupi silikanadikira. Kosungira mitembo anati malo ndi ochepa, abale ochokera kumudzi anali atasiya ntchito zawo, ndipo ansembe anapereka Loweruka m'mawa. Linali tsiku lomwelo la alendo. Ine sindinaonepo vuto. Ndinali nditamva ndi makutu anga.

Pamaliro a ife a kum'mawa, Abemba ndiwo amagwira ntchito. Amakumba manda, amaphika, ndipo amatinyoza mmene angafunire. Ife timachita chimodzimodzi pa awo. Timati chimbuya. Woyambitsa anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba wa ku Kasama, wamkulu thupi, wa mawu ngati wailesi. Ankayenda ndi mbale ya ufa n'kumapaka aliyense wa kwathu kumaso.

"Mwaona zotsatira za kudya mbewa? Munthu wathunthu wagona!"

Azakhali anamuyankha ali m'misozi, "Chokani apa, odya anyani inu."

Mayi uja anandipaka inenso. "Mwaiche, mwana iwe, usalire. Atate ako anatigonthetsa makutu zaka zonsezi. Tipumeko."

Loweruka thupi linabwera m'mawa. Bokosi analiika pabalaza, pa mipando iwiri. Munkanunkha vanishi wosauma ndi utsi wa makala. Azimayi a mphakati ankaimba. Lole ya mchenga imene mpingo unapeza inaima panja. Ndinayang'ana amuna onse mmodzimmodzi. Amalume panalibe. Ndinati akusonkhanitsa anzawo.

Dzuwa linakwera. Mkulu wa mphakati analowa n'kunong'oneza amayi, kenako anakodola amuna. Anagwira bokosi. Ndinaima pakhomo, manja uku ndi uku.

"Ng'oma sinalire."

"Choka, mwana iwe."

"Amalume ananena. Ng'oma sinalire."

Pomwepo inalira. Kutali, koma inalira. Kenako malipenga. Ndinathamangira pamphambano, ndinamvetsera, ndinabwerera ndikukuwa.

"Akubwera! Bandi ikubwera!"

Amuna aja anali atakweza kale bokosi. Anaima. Onse anayang'ana amayi. Amayi anali pamphasa, duku lakuda, ufa pamphumi. Anadzutsa mutu n'kupendeketsa khutu cha kukhomo. Anati, "Dikirani."

Bokosi linabwerera pamipando. Azimayi anasiya kuimba kuti timve bwino. Dalaivala anazimitsa injini. Tinadikira. Nyimbo inatha, ina inayamba. Mphepo ikaomba cha kuno inkamveka pafupi, ikatembenuka inkathawa. Ntchentche inkayenda pa bokosi. Wina anatsokomola. Palibe amene ankayang'ana mnzake. Dalaivala anati ansembe ali ndi ukwati masana, sangatidikire.

Ndinati mwina asokera njira. Amuna amene anadya m'nyumba mwathu zaka zonsezo, asokere njira! Koma ndi zimene ndinaganiza. Ndinathamanga kukawatenga.

Pabwalo la holo anali atamanga tenti yoyera. Msewu anauthira madzi kuti fumbi ligone, madzi amene ife tinkawasowa. Miyala ya m'mphepete anaipaka laimu. Anzanga a m'kalasi anali pamzere ndi timbendera tawo. Mu tenti munakhala anthu a masuti, ena akuyang'ana mawotchi, wina akumwa madzi a m'botolo. Bandi inaima kutsogolo kwawo, yonse, majekete ochapa. Sinkapita kulikonse.

Ndinadutsa pansi pa chingwe. Amalume anali pamzere woyamba, masaya otupa, thukuta likutsika m'khosi. Ndinaima patsogolo pawo penipeni, wopanda nsapato, ufa kumaso. Anandiona. Palibe zoti sanandione. Lipenga linagwedera pang'ono, liwu limodzi linatuluka lokhota. Kenako anatsitsa maso pa pepala la nyimbo n'kupitiriza.

Ndinakuwa, "Amalume!" Ng'oma inameza mawu anga.

Mlonda anandigwira kolala n'kundikokera kunja kwa chingwe. Aphunzitsi anabwera mofulumira. Anandipukuta kumaso ndi mpango wawo, ngati ufawo ndiwo unali vuto.

"Pepa, mwana wanga. Koma pano ayi. Lero ayi. Pita kwa amayi ako."

Nditafika kunyumba, lole panalibe. Pabalaza panatsala mipando iwiri ija. Gogo wina amene anamusiya kuti alonde nyumba anandiuza mmene zinayendera. Anati atatopa kudikira, mayi wa ku Kasama uja anatenga ndowa yochapira, anaivundikira pakhomo, n'kuimenya katatu ndi chikuni. Anati, "Tuluka, iwe wa mbewa, bandi yako ndi imeneyi." Ndipo amuna ananyamula.

Atate anatuluka ndi ndowa. Ine, mwana wawo wamwamuna, panalibe. Ndinawapeza kutchalitchi Misa ili pakati.

Amalume anafika titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja. Anali asanavule jekete. Lipenga analisiya. Mayi wa ku Kasama anapita ndi mbale yake n'kuwakhuthulira ufa wonse, kuyambira kumutu mpaka pa mabatani.

"Uyu ndi mwini lipenga! Azungu akhuta nyimbo? Akupatsako bisiketi?"

Anthu anaseka, chifukwa pa chimbuya umayenera kuseka. Amalume sanadzisanse. Analowa m'nyumba ali mbuu. Amayi anasendera, anagwada, anawapatsa moni monga mwa masiku onse. Anandiitana kuti ndipereke moni inenso. Ndinatuluka. Ndinakakhala kuseri kwa chimbudzi mpaka dzuwa litapendeka.

Pambuyo pake ndinamva chimene chinachitika. Akuluakulu a mgodi anali atauza a bandi kuti alendo akasangalala, bandi ikhala, ndipo oimba sadzapulunidwa. Wosabwera adziwe yekha. Amalume anali ndi ana asanu ndi mmodzi m'nyumba ya kampani. Zimenezi ndikuzidziwa. Inenso ndili ndi ana. Koma akanangonena kwa atate tsiku lija kuti alamu, sindikudziwa. Atate anali munthu wa pansi, mawu olimba ankawadziwa.

Mvula isanagwe, kunabwera lole kuholo. Anakweza malipenga, ng'oma, mipando, ngakhale makatani. Eni atsopano anati anagula mgodi, sanagule nyimbo. Holo inakhala yotseka, kenako mpingo wina unayamba kupempheramo. Amalume anapulunidwa pamodzi ndi anzawo onse. Ife tinasamukira ku Ipusukilo, chipinda chimodzi, amayi n'kuyamba kugulitsa tomato. Sukulu ndinalekera giredi seveni. Amalume anapita ku Ndola, ku Lubuto, kukalonda sitolo ya munthu. Ankatitumizira tinsomba ta kapenta akapeza. Ndinkadya. Moni sindinawapatsebe.

Amalume atamwalira ndinapita. Ndinali wamkulu kale. Ndinanyamula nawo bokosi. Linatuluka popanda ng'oma, ndipo palibe amene anaona chachilendo, chifukwa oikumbukira anali atatha.

Pobwerera, m'minibasi, ndi pamene amayi anandiuza. Anati amalume anabwera Lachisanu, maliro a atate ali m'kati. Anawaitanira kuseri kwa nyumba, anagwada pa dothi, munthu wamkulu, n'kunena kuti sabwera. Amayi anawauza kuti pitani mukaimbe, ana asagone panja. Akuluakulu onse a pamaliropo ankadziwa. Mkulu wa mphakati ankadziwa. Mayi wa ku Kasama ankadziwa, ndowa ija anaikonzeratu. Wosadziwa ndinali ine ndekha.

Ndinafunsa, "Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ukanamva?"

"Nanga munaimitsiranji bokosi?"

Anayang'ana pawindo. Kondakitala ankakuwa za Chifubu. Kenako amayi anati, "Unakuwa ngati wawaona. Ndi achimwene anga aja. Ndinati kaya."

Mpaka lero mkwiyo ulipo, kungoti sindidziwa bwino pouika. Tsiku lija ndinkaganiza kuti ine ndi amayi tikudikira chinthu chimodzi. Ine ndinkadikira chifukwa ndinalonjezedwa. Iwo anali atauzidwa kale kuti ayi, anavomera, anamasula mbale wawo ndi pakamwa pawo. Komabe ng'oma itamveka, anaimitsa amuna onse aja ndi mtembo wa mwamuna wawo m'manja, n'kutchera khutu kumsewu. Mwana wa giredi faifi sakanadziwa kuti munthu angathe kuchita zonse ziwiri.