Malupanga a Che Zubairu

Ine ndi amene ndinadula khutu la Elliam. Ndiyambire pamenepo, chifukwa pakanapanda khutu limenelo, bwenzi mpaka lero ndikungowadutsa Che Zubairu pa Ulongwe ngati telala wamba.

Linali Lachisanu Loyera la chaka cha 2011. Kutchalitchi kwathu timachita sewero la masautso a Ambuye chaka ndi chaka, kuyambira pabwalo la mpira, kudutsa mumsewu waukulu, mpaka pachulu china chimene timachitcha Gologota. Ine ndinali Petulo, Elliam anali wantchito wa mkulu wa ansembe. Malupanga tinalibe, ndiye aliyense ankangotenga chikwanje cha kunyumba. Tinali titayeserera kambirimbiri kuti chikwanje changa chizidutsa m'mwamba, koma tsikulo Elliam anapunthwa pamuzu n'kudzuka nthawi yolakwika. Magazi atatuluka, anthu anaomba m'manja, kuyesa ndi luso. Kuchipatala anamusoka, ndipo khutulo lilipo, kungoti linapindika.

Bambo mfumu analetseratu chitsulo chilichonse m'sewero. Chaka chotsatira asilikali athu a Chiroma ananyamula mapesi a chimanga, ndipo anthu anaseka kuyambira kubwalo mpaka kumtanda. Mayi Modester, amene amatsogolera gulu lathu, anafika kunyumba akulira.

Che Zubairu ankasoka pakhonde la golosale, moyang'anana ndi pokwerera maminibasi. Ndi Msilamu, wamfupi, wa ndevu zaimvi, tepi yoyezera sichoka m'khosi. Mikanjo yofiira ya asilikali athu ankasoka ndi iwowo. Mu 2013, kutatsala milungu isanu kuti Pasaka ifike, ine ndi mayi Modester tinawapititsira nsalu, ndipo tili podikirapo tinayamba kudandaulirana za mapesi aja. Makina analeka kulira.

"Kodi lupangalo mukufuna lodula, kapena looneka ngati lingadule?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Looneka chabe, Che Zubairu," anayankha mayi Modester.

"Nanga chitsulo n'chachiyani? A Clever, tandipatsirani katoni ya sopo ili pakhomoyo."

Ndinawapatsira. Anaiphwasula, kuiyala pamaondo, n'kutenga choko cha nsalu. Sanagwire rula. Anangokoka mzere umodzi kutsika, wina kukwera, ndipo pakatoni yolembedwa dzina la sopo panaoneka lupanga, nsonga yake, mapewa ake, chigwiriro chake. Mayi Modester anandiyang'ana, ine ndinayang'ana katoni.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapatukira pakhondepo ndikaweruka kumunda, ndipo mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, sizasi ili m'manja. Anabadwira kufupi ndi Nayuchi. Bambo awo anali wosula wodziwika, moti anthu ankachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kudzagula makasu, nkhwangwa ndi mipeni. Che Zubairu anakula akupopa mvukuto, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu ankatha kusula mpeni okha. Koma utsi wa makala unawadwalitsa mphumu. Tsiku lina anakomokera pachipala, ndipo bambo awo anati, "Manja ndi anga, koma chifuwachi si cha ntchito ino." Anawakweza sitima kupita ku Balaka kukaphunzira kusoka kwa amalume awo. Anandiuza kuti analira njira yonse. Kuchokera pamenepo panapita zaka zoposa makumi anayi osagwirako nyundo.

"Ndinkayesa ndinaiwala," anatero. "Kani manja sauza mwiniwake zimene asunga."

Kapangidwe kake ndinakaona ndi maso angawa, komabe sindingakwanitse. Ankadula zidutswa zitatu za katoni, chapakati mizere yake yopingasa, zakunja yotsika, kuti lupanga lisapindike. Guluu wake anali phala la ufa wa chinangwa, lophika ndi madzi a masamba a nimu kuti mphemvu zisadye. Akamata ankatsindikiza ndi thumba la chimanga masiku awiri. Kenako ankakhala ndi supuni, kusisita m'mphepete ndi kumsana kwake mpaka katoni ipyapyale ngati mpeni wonola. Pakati ankakanikiza kangalande ndi chigwiriro cha sizasi. Zonyezimira zinali mapepala a m'kati mwa mapaketi a mkaka ndi mabisiketi, amene akazi awo, mayi Lukiya, ankatolera m'magolosale n'kutsuka. Akamatapo ankapaka fumbi la makala n'kupukuta ndi kansanza, ati chitsulo chimene chagwirapo ntchito sichiwala ngati beseni latsopano. Chigwiriro ankakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo kumapeto kwake ankasokereramo kathumba ka mchenga. Ndinafunsa za mchengawo. Anangoika lupanga pachala chimodzi, ndipo linakhala phee, osapendekera uku kapena uko.

Ndinawapempha kuti aikemo kansungwi kuti lilimbe.

"Iyayi. Nsungwi imalasa diso. M'menemu simulowa kanthu kolimba kuposa pepala."

Sikuti onse anakondwa. A Yunusu, ogulitsa mpunga pafupi pomwepo, amene amaswali nawo mzikiti umodzi, anawafunsa ine ndikumva kuti za kutchalitchizi akuzilowerera chifukwa chiyani.

"Che Yunusu, madiresi a ukwati wa kutchalitchi ndasoka angati, simunandifunsepo? Apa ndikungoletsa magazi a mwana wa munthu." A Yunusu anabwerera kumpunga wawo.

Lachinayi Loyera ndinapita kunyumba kwa Che Zubairu kukatenga malupangawo. Mayi Lukiya anatulutsa mkeka padzuwa n'kuufunyulula. Malupanga khumi ndi awiri. Ine amene ndinaona katoni ya sopo ikudulidwa, ndinatambasula dzanja n'kulibweza. Thupi linakana. Nditalimba mtima n'kunyamula limodzi, mkono unauluka m'mwamba, chifukwa unali utakonzekera kulemera kumene kunalibe.

Mawa lake titalowa mumsewu waukulu, dalaivala wa minibasi yochokera ku Liwonde anaponda buleki ya dzidzidzi. Amayi anakokera ana awo kumbuyo. Wapolisi amene ankatiperekeza anathamanga kudzaimitsa Emmanuel, yemwe anali mkulu wa asilikali, kuti aone chimene wanyamula. Anagwira nsonga ndi zala ziwiri, kuipinda pang'ono, n'kupukusa mutu. Kenako anabwerera. Tsiku limenelo palibe anaseka. Asilikali akasolola malupanga, dzuwa linkagwa pamenepo n'kulasa anthu m'maso, ndipo agogo ena anatukwana Emmanuel mochokera pansi pa mtima.

Che Zubairu ndinawaona tikukwera chulu. Anali atachokera ku swala ya Lachisanu kumzikiti, atavala kanzu yoyera, ataima patali pansi pa mtengo wa mango. Za pamtanda si za chipembedzo chawo, ndipo sanasendere. Maso awo anali m'manja mwa asilikali.

Cha m'ma fili koloko kunada. Mtambo unachokera kumapiri, mphepo inatukula mikanjo, ndipo wosewera Yesu atangoweramitsa mutu, mvula inakhuthuka. Palibe anathawa. Asilikali anaima m'malo awo kuzungulira mtanda, malupanga ali m'mwamba monga tinayeserera. Ndiye ndinaona lupanga la kumapeto likuwerama. Pang'onopang'ono, ngati munthu wopepesa kwa akulu. Linzake linatsatira, kenako lina, mpaka onse khumi ndi limodzi anazolika kuloza pansi. La Emmanuel linalimbikira. Iye anayenda kufika patsinde pa mtanda n'kunena mawu ake, akuti zoonadi munthu uyu anali Mwana wa Mulungu, ndipo asanatseke pakamwa lupanga lake linathyokera pachigwiriro n'kugwera m'matope.

Sindidziwa amene anayamba kugwada. Nditacheuka, anthu mazana anali pansi m'matope, amayi ndi abambo, ena odutsa chabe amene anatsika panjinga zawo. Kunkangomveka mvula. Ine ndinkadziwa bwino kuti ndi katoni yanyowa, ndinkadziwanso amene anaphika phala lake, komabe maondo anga anagwa okha.

Loweruka m'mawa ine ndi mayi Modester tinapita kukathokoza. Tinawapeza ali ndwii pamakina, osasoka.

"Ndakuchititsani manyazi," anatero. "Mwana wa wosula kupanga lupanga logonja ndi madzi! Mvula ndinaiiwala. Chaka chamawa ndidzapaka phula la kandulo."

"Chonde musadzapake, Che Zubairu," anatero mayi Modester. "Simunaone zimene zinachitika? Anthu sanapempherepo chonchija chibadwire."

"Ndinaona, mayi. Inenso thupi linazizira. Koma mvula sindinaitane ndine. Amene anaituma, akafuna adzapeza njira ina. Ine yanga ndi kupanga chinthu cholimba."

Mayi Modester anachonderera mpaka anatopa. Chaka chotsatira malupanga anabwera opaka phula, ndipo ena mwa iwo tikugwiritsabe ntchito mpaka pano. Mvula ngati ija sinagwenso pa Lachisanu Loyera, koma amene analipo akakumana pamaliro kapena pachigayo amakumbutsanabe.

Mbiri inayenda. Anabwera a ku Nsanama, kenako aphunzitsi a sukulu zapulayimale ofuna malupanga ndi zishango za masewero a ana. Ena anachokera ku Nayuchi kwawo komwe, n'kunyamula mtolo wokulunga m'chitenje kukwera nawo sitima, ndipo akuti malupanga awiri anawoloka malire. Aphunzitsi ena anawaitana kuti akaonetse kapangidwe kake m'kalasi. Anapita atavala jekete, ndipo anabwerako akudandaula kuti aliyense akufuna kuyamba ndi zonyezimira asanaphunzire kusisita ndi supuni.

Panopa Che Zubairu ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu ziwiri. Maso anachita ng'ala, ulusi sautha kulowetsa pasingano, ndipo makina anapatsa mdzukulu wawo wamkazi. Pakhonde la golosale sakhalanso. Koma Lenti ikayandikira, eni magolosale amawasungira makatoni osauzidwa. Choko anasiya, poti mzere sauona. Amayendetsa chala chachikulu patsogolo, sizasi n'kumatsatira, ndipo mayi Lukiya ndi amene amamata zonyezimira.

Mwezi wathawu ndinawapeza pabwalo pawo, zidutswa za katoni zili mbwee kuzungulira mpando. Anandizindikira ndi mawu. Anapapasa pamkeka, kutola lupanga limene linali litangouma, n'kundipatsa.

"Tapitani nalo padzuwa apo, a Clever. Mulitembenuze pang'ono. Likung'anima?"

Ndinalitembenuza. Kuwala kwake kunakagwa pakhoma la nyumba n'kuthamangira kudenga, ndipo nkhuku zimene zinkatola zakudya pafupi zinabalalika.

"Likung'anima, Che Zubairu."

"Mbali zonse ziwiri?"

"Zonse."

Anagwedeza mutu, n'kuweramira pansi kufunafuna katoni ina.