Katani la Ba Rhoda a ku Chelstone

Ukapita kumsika ndi Ba Rhoda a ku Chelstone, iwala zobwerako msanga. Mtunda woti mwana amathamanga n'kubwerako madzi asanawire, iwo amauyenda m'mawa wonse, chifukwa palibe geti lomwe amalidutsa osaima. Wogulitsa makala amam'dziwa dzina, amadziwanso kuti mkazi wake ndi woyembekezera. Makondakitala amawakuwira moni minibasi ili pa liwiro. Koma mayi omwewo, oseka mpaka kugwira nthiti, sakwera minibasi asanayang'ane matayala, ndipo m'chikwama mwawo simusowa tochi, mankhwala a mutu ndi ambulera, ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Anabadwira m'mafulati a ku Kabwata, makolo awo atachokera ku Chipata. Anakalambira pa ntchito yolandira alendo pa kampani ina ya inshuwalansi m'tauni, ntchito yowayenera ngati nsapato yoyeza. Amuna awo atamwalira anatsala okha m'nyumba ya ku Chelstone, yomwe mpanda wake ndi wa maluwa, wolekeza m'chiuno.

Mpanda umenewo ndi womwe unkam'sowetsa mtendere mwana wawo Mathias. Iye zinamuyendera, amakhala ku Kabulonga ndi mkazi wake, ndipo kuseri kwa nyumba yake anamanga kanyumba kokongola ka mayi ake. Ankafuna kuti asamuke mvula isanagwe, nyumba ya ku Chelstone ilowe anthu a lendi. Ba Rhoda sankakana, sankavomeranso. Ankangoti, "Tizaona."

Amene ankafunitsitsa kumvetsa nkhaniyi anali Valerie, mwana wa mchimwene wawo wa Ba Rhoda. Iye amagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo ali ndi matenda amodzi: aliyense wokumana naye amafuna kudziwa kuti ndi munthu wa mtundu wanji. Lamlungu lina atachoka kutchalitchi anawakhazika pansi azakhali akewo, foni ili m'manja, n'kuyamba kuwafunsa mafunso a njira ziwiri zoyezera khalidwe la munthu. Njira yoyamba imapereka zilembo zinayi, yachiwiri imapereka nambala imodzi mwa zisanu ndi zinayi.

Zilembo zinati Ba Rhoda ndi munthu amene mphamvu zake amazitapa kwa anthu, akakhala yekha amafota. Nambala inatuluka sikisi, ya munthu wokhulupirika amene mtima wake sukhala pansi, wofunsa nthawi zonse kuti, nanga zikavuta ndithawira kuti?

"Ba anti, izi sizigwilizana," anatero Valerie akukanda m'mutu. "Munthu wamantha amazikhomela mu nyumba. Manje imwe tauni yonse ni banzanu."

"Funsa foni yako, ndiye yaziba," anayankha Ba Rhoda akuseka.

Mathias atamva, anatola nambala yokhayo, zilembo n'kuzisiya pomwepo. "Waona? Ba mami bafuna chitetezo. Kwanga kuli khoma, waya wa malaiti wogwila kawalala, na mlonda pa geti." Anagwirizana kuti mayi akayese kugona ku Kabulonga masiku angapo, Valerie atsale akusunga nyumba.

Loweruka Valerie anagona mpaka dzuwa kukwera, poti kunalibe ntchito. Anadzidzimuka ndi phokoso la kiyi pachitseko cha kukhitchini. Anatola ambulera ina ya azakhali ake ngati chida. Pakhomo anapeza Ba Kabamba, bambo wachikulire wa nyumba yoyang'anana nayo, kiyi ali m'manja. Kumbuyo kwawo kunali Bana Chilufya, mayi a nyumba ya pambali, atamanga chitenje mothamanga, ndi wamakala uja atasiya njinga yake pamsewu.

"Uli che bwino, mwana?" anafunsa Bana Chilufya akum'gwira pamphumi.

"Nili bwino. Nanga kwachitika chani?"

"Katani," anatero Ba Kabamba akuloza zenera la kutsogolo. "Ba Rhoda banatiuza ati muli mwana mu nyumba. Zuba yakwela, katani sinatseguke. Ife tikanakhala bwanji?"

Valerie anachita manyazi, komanso chidwi chinamugwira. Anawapangira tiyi, n'kuyamba kufunsa monga mwa matenda ake aja. Anamva kuti mwambowu anauyambitsa ndi Ba Rhoda chaka chomwe anaferedwa. Aliyense wokhala yekha mumsewuwo amatsegula katani la kutsogolo akangodzuka, ndipo woyang'anana naye amaliona asanayambe china chilichonse. Likakhala lotseka, amagogoda. Akapanda kuyankhidwa, amatenga kiyi yemwe anasungitsidwa. Ba Kabamba, omwe amadwala shuga, anati tsiku lina anapezeka pansi atakomoka, ndipo anawapeza ndi Ba Rhoda.

Bana Chilufya anawonjeza zomwe Valerie anali asanamvepo. Ba Rhoda ali mtsikana ku Kabwata, mayi wina wa fulati ya pamwamba pawo anamwalira yekha chitseko chili chokhoma, ndipo anthu anadziwa patapita masiku. Kuyambira pamenepo Ba Rhoda saopa wakuba kwenikweni. Amaopa kusowa wowafunafuna.

Apa m'pamene zilembo ndi nambala zinakumana m'mutu mwa Valerie. Moni uja wa pa geti lililonse sunali macheza chabe, unali mpanda womwe azakhali ake anaumanga kwa zaka zambiri, munthu mmodzimmodzi. Anamva chisoni kuti iye ndi foni yake anatsala pang'ono kuthandiza kuugwetsa.

Masana omwewo anakwera minibasi ya ku Kabulonga. Mlonda anam'funsa dzina asanatsegule geti. Ba Rhoda anawapeza atakhala pakhonde la kanyumba kaja, chikwama chili pamiyendo ngati munthu wodikira basi, nkhope itagwa. Mathias anali pomwepo, akuwaonetsa batani loitanira alonda.

Valerie anafotokoza zonse za m'mawa uja, za kiyi, za wamakala, za ambulera. Ba Rhoda anaseka koyamba chifikireni, mpaka misozi.

"Ba mami, kuno kulibe wamene angakugwileni," anatero Mathias, mawu atayamba kufewa.

"Niziba, mwana wanga, ndipo wachita bwino. Koma lelo nauka, natsegula katani, yaniona ni khoma." Kenaka anam'yang'ana mwana wawo ndi nkhawa yeniyeni. "Nanga iwe, mkazi wako akayenda ku nchito kunja kwa tauni, katani yako amaiona ndani?"

Mathias ngakhale dzina la munthu wa nyumba yoyandikana nayo sankalidziwa. Analowa m'nyumba, natuluka ndi makiyi a galimoto. Pofika ku Chelstone, asanatsitse n'komwe katundu wa mayi ake, anachotsa kiyi mmodzi wa geti lake n'kuwapatsa.