Bulangeti la Mizere Yofiira

Bulangeti lija linali la mizere yofiira, lonunkha mkodzo wa mwana ndi utsi wa mbaula. Amayi analigula pa salaula, pa zovala zakaunjika, kumsika wa Soweto, kumene ankagulitsa tomato, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Tinkakhala ku Kabwata, m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake: amayi, amalume, ine, ndi mlongo wanga wa miyezi isanu. Amalume ankalondera nyumba ina ku Kabulonga, choncho masana ankagona. Chisanu chitafika, mwana anayamba kutsokomola ndi fumbi la pamsika, amayi n'kumamusiya ndi ine. Kusukulu ndinkapita mwa apo ndi apo. Aphunzitsi ataona zipsera m'miyendo mwanga anangoti, "Ndiwe wosamvela iwe." Sanafunsenso. Mpaka lero ndimadana nawo kuposa amalume, ngakhale ndikudziwa kuti si chilungamo.

Mwana akalira, wokwapulidwa ndinali ine. Amalume ankadzuka maso ali psuu, lamba kumanja, dzanja linalo atanditseka nalo pakamwa kuti eni nyumba asamve. Linkanunkha fodya. "Ukaleka kulila, nizakusiya." Ndikasiya, ankandisiyadi. Ndinaphunzira kuti kulira kumatha ndi dzanja.

Tsiku limenelo phala linatha msanga. Mwana atayamba kulira ndinamubereka, ndinamuimbira, ndinamupatsa chala kuti ayamwe, koma ayi ndithu. Amalume anatembenuka pabedi. "Akalila futi uyo, uzaona." Ndinamugoneka pamphasa, kumufunditsa bulangeti mpaka kumutu, n'kuikapo manja anga onse awiri. Sindinakwiye naye. Ndinkangoyang'ana lamba uja pamsomali, kudikira kuti aleke, ndimusiye.

Madzulo amayi atatulukira ndi beseni pamutu, ndinawathamangira monyada. "Amami, lelo sanavute, agona chabe!"

Kupolisi anati ndine wamng'ono kwambiri, palibe mlandu. Amalume anasamukira ku Chelstone, akugonabe bwino. Amayi anandilera, kundidyetsa, kundiveka, koma anapita kumanda asanandiyang'anenso m'maso. Ineyo ndakula, imvi zayamba, ndipo mwana wa munthu sindinyamula. Akalira m'minibasi, ndimakhalira manja anga.

Pamaliro a mlongo wanga paja anthu ankandiloza ndi milomo. Ine ndinakhala pafupi ndi kabokosi koyera, mtima uli m'mwamba ndi nkhawa imodzi yokha: akadzuka m'menemo adzalira, ndipo wokwapulidwa ndidzakhala ine.